Masabata a m'chisanu: zimene mowa wa lager umakumana nazo usanafike ku Senga Bay

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Salima, ngakhale mphepo yochokera kunyanja imabwera ngati yadutsa pa ng'anjo. Mukhale pa bala iliyonse ya ku Senga Bay kapena pa Kamuzu Road cha m'ma 3 koloko masana, mumva mawu omwewo: "Asisi, Green imodzi, koma yozizira." Botolo likabwera, mwini wake salitsegula msanga. Amaligwira kaye, ena mpaka kuligunditsa patsaya, ndipo likakhala lofunda limabwerera komwe lachokera. Mtsikana wogulitsa amadandaula kuti magetsi angoyaka kumene, wogula amati zimenezo si zake.

Kuzizira kumene akukanganira awiriwa n'kwa maola ochepa, kwa m'furiji ya pa bala. Koma mowa uli m'botolomo unazizidwapo kale, kuzizidwa koopsa, masiku ambiri, usanalione n'komwe botolo. Unagona m'thanki yachitsulo pa madigiri 0 kapena kutsikirapo pang'ono, mumdima, osagwedezedwa. Kuyera kwake, thovu lake, ndi kusanunkha kwake zinachokera kumeneko. Dzina loti lager likunena zomwezi, pakuti linachokera ku mawu a Chijeremani akuti lagern, kutanthauza kusunga. Green, Special, Kuche Kuche, wonsewu ndi mowa wosungidwa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambire pa mowa umene tinakula tikuuona. Azakhali anga ankafulula masese kwathu cha ku Khombedza, ndipo ntchito yawo yonse inkayenda ndi kutentha. Chimanga kapena mawere ankanyika mpaka kumera, n'kuyanika, n'kusinja kuti chikhale chimera. Chimera chikalowa m'phala chimasandutsa ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake thobwa limatsekemera popanda wothiramo shuga wa kugolosale. Kenako tizamoyo tosaoneka ndi maso timayamba phwando. Tina timasasitsa phalalo. Tina, timene timatchedwa yisiti, timadya shuga uja n'kutulutsa zinthu ziwiri: ukali woledzeretsa ndi mpweya wa carbon dioxide, umene ife timauona ngati kuwira. Mukagwira mbiya usiku wa kuwirako mupeza ili yofunda, ngakhale ili kutali ndi moto. Masese amamwedwa akadali pa ntchito imeneyi, ndipo sadikira munthu. Lero atsekemera, mawa alowa ukali, mkuja asasa moti ngakhale chidakwa chimayamba chafunsa mtengo. Paketi ya Chibuku ili ndi kabowo pamwamba pa chifukwa chomwechi. Mowawo ukupumabe, ndipo akanatseka kotheratu paketiyo ikanaphulikira m'galimoto.

Lager amayamba mofanana. Chimera chake ndi cha balere, mbewu ya kumalo ozizira imene simungaipeze m'minda ya ku Lifuwu kapena ku Chipoka. Amachiviika m'madzi otentha kuti shuga atuluke, amasefa makoko ake, n'kuwiritsa madzi otsekemerawo pamodzi ndi timaluwa touma totchedwa hops, timene timapereka kuwawa kuja ndi kafungo. Njira zimalekana apa. Madziwo amawaziziritsa mpaka madigiri a pakati pa 8 ndi 12, ndipo amathiramo yisiti ya mtundu umodzi wokha, yosankhidwa, imene imagwira ntchito m'chisanu chotero n'kumira pansi ikamaliza. Asayansi amaitcha Saccharomyces pastorianus. M'chisanu yisiti imadya mwaulemu, sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo situlutsa tifungo tambiri ta zipatso timene yisiti yotenthedwa imatulutsa. Pamene pali ubwino wake mpamenenso pali vuto, chifukwa mowa wopanda fungo lambiri ulibe pobisa cholakwa. Masese akakhala ndi kafungo kachilendo, kusasa kuja kumakaphimba. Lager ali ngati malaya oyera a pa ukwati, kadontho kamodzi ka msuzi mudzi wonse ukaona.

Mutalawa lager wongomaliza kuwira simungamuzindikire. Ndi wovundukuka ngati madzi a mu Linthipe mvula ikagwa kumtunda. Amanunkha dzira lowola chifukwa cha mpweya wa sulfure umene yisiti imeneyi imatulutsa kwambiri. Ali ndi kakomedwe ka apozi wosapsa, kochokera ku acetaldehyde, chinthu chimene yisiti imapanga pakati pa ulendo isanamalize kusandutsa shuga kukhala ukali. Ndiye pali mdani wamkulu wa ofulula lager, diacetyl, amene amanunkha ngati majarini kapena mbuliwuli zothira batala, n'kusiya kuterera palilime. Mphuno ya munthu imamumva ngakhale atachepa bwanji. Gawo limodzi mwa magawo 10 a miligiramu m'lita imodzi ndi lokwanira kuti wakumwa akwinye nkhope. Werengani nokha: magiramu 10, timasipuni tiwiri ta tiyi, angakwane kuipitsa thanki ya malita 100,000.

Chosangalatsa pa diacetyl n'chakuti wobweretsa vutolo ndi yemwenso amalichotsa. Yisiti ikamakula imatayira m'mowa chinthu china chopanda fungo chotchedwa alpha-acetolactate. Chinthuchi chimasanduka diacetyl pachokha, kunja kwa yisiti, ndipo kukazizira chimasanduka mochedwa kwambiri. Diacetyl akangobadwa, yisiti yamoyo imamumeza n'kumusandutsa zina zimene lilime silimva. Tsoka limagwera wofulula wopupuluma. Akasefa yisiti yonse chinthu choyambacho chisanathe, mowa umatuluka m'fakitale uli bwinobwino, koma ukafika potentha diacetyl amabadwira m'botolo, womumeza kulibenso. Choncho ofulula ambiri masiku ano, kuwira kukatsala pang'ono kutha, amausiya mowa kuti ufunde pang'ono, kufika madigiri 14 kapena 16, kwa masiku awiri kapena atatu, kuti kusandukako kuthe yisiti ikadali maso. Akayeza m'labotale n'kuona kuti zatheka, mpamene amatsegula zoziziritsa. Akale analibe zoyezera zimenezi. Ankangodikira miyezi.

Kudikirako sanachite kusankha, inawaumiriza ndi nyengo. Ku Bavaria, kum'mwera kwa Germany, mowa wofululidwa m'nyengo yotentha unkasasa, ndipo mu 1553 wolamulira wa kumeneko, Albrecht V, analetsa kufulula kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 29 Seputembala. Ofulula ankalimbikira mu Malichi, n'kusunga migolo yamatabwa m'mapanga ndi m'zipinda zokumba pansi, ataizinga ndi madzi oundana amene ankacheka ndi macheka m'maiwe nthawi ya chisanu. Pamwamba pa zipindazo ankadzala mitengo kuti dzuwa lisatenthe nthaka, ndipo anthu anayamba kumwera pansi pa mitengo yomweyo. Mabwalo omwera mowa a ku Munich, mzinda waukulu wa ku Bavaria, anayamba choncho. Ife timathawira pansi pa mango chifukwa cha mitu yathu, koma kumeneko mthunzi unali wa mowa, anthu anangobwereka. Mosadziwa, ofululawo ankasankha yisiti: yokonda kutentha inkangogona, yopirira chisanu inkachulukana chaka ndi chaka.

Lager wowala ngati golide, amene timamudziwa ifeyu, anafululidwa koyamba mu 1842 m'tauni ya Plzeň, m'dziko limene pano ndi Czech Republic, ndi Josef Groll wa ku Bavaria. Pansi pa fakitale imene anafululira mowawo anakumba njira zosungiramo mowa zotalika pafupifupi makilomita 9. Mu 1845, J.C. Jacobsen wa ku Denmark anapita ku Munich kukatenga yisiti kwa Gabriel Sedlmayr wa fakitale ya Spaten. Nkhani imene imasimbidwa ndi yoti anaisunga m'bokosi la chipewa chake pa ngolo ya mahatchi, ndipo paliponse pamene ngolo yaima ankathamangira pachitsime kukaithira madzi ozizira kuti isafe. Mu 1847 Jacobsen anatsegula fakitale yake ya Carlsberg. Mu 1883, m'labotale ya kampaniyo, Emil Christian Hansen anakwanitsa kupatula kayisiti kamodzi n'kukachulukitsa kokha, kosasakanikirana ndi tizamoyo tina, ndipo njira yakeyo ndi imene mafakitale a lager amatsata mpaka lero. Mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark, imene kuyambira 2016 ili m'manja mwa Castel.

Mowa wa m'mapanga a chisanu sukanafika m'dziko lopanda chipale pakanapanda makina. Chaka chimene chisanu chachepa ku Ulaya, ayisi ankasowa ndipo ofulula ankalira. M'zaka za m'ma 1870 Carl von Linde anapanga makina oziziritsira, ndipo mwa oyamba kumuthandiza ndi ndalama anali Sedlmayr yemwe uja. Makina ake a ammonia ankayenda mmene furiji imayendera lero: mpweya umapanikizidwa, umataya kutentha kwake kunja, umasanduka zamadzi, kenako umafutukuka n'kuyamwa kutentha kwa chilichonse chimene uli nacho pafupi. Ngakhale amene sakhudza mowa m'pang'ono pomwe, ndipo kuno kwathu ndi ambiri, amadya chambo chimene chinachoka pa Nguwo chili m'ayisi. Ayisi amenewo ndi zidzukulu za ludzu la ku Munich.

Thanki yamakono ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, yoimirira, ndipo m'mafakitale akuluakulu imatalika mamita 15 kapena kuposa. Thupi lake n'lozungulira ngati nkhokwe, koma kunsi kwake n'kosongoka, ngati mwatenga denga la nkhokwe n'kulizondotsa. Kapangidwe kameneka anakayambitsa ndi Leopold Nathan, amene ankagwira ntchito ku Switzerland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma kanadzafala kuyambira m'ma 1960. Kusongokako n'kotsetsereka kwambiri, ndipo mkati amasalaza mpaka kuwala ngati galasi, kuti yisiti ikamira itsetserekere pa nsonga. Pa nsongapo pali mpopi. Akatsegula, nsenga zimatuluka ngati phala lolimba, mowa n'kutsala pamwamba osasunthidwa, moti kuwira ndi kugona zonse zingachitikire m'thanki imodzi. Yisiti yotulukayo imakafulula mowa wotsatira maulendo angapo, monga mmene azakhali ankasiyira tinsenga m'mbiya kuti tikadzutse mowa watsopano. Kuisiya nthawi yaitali pansipo n'kulakwa. Imafunda pakati pa mulu wake, imafa, imaphulika, n'kusiya kakomedwe ka msuzi wa nyama m'mowa.

Khoma la thanki lavala zovala zingapo. Mkati muli chitsulo chokhudza mowa. Kunja kwa chitsulocho anamatirako tinjira momwe mumayenda madzi oziziritsa, osakaniza ndi glycol kuti asaundane ngakhale atafika madigiri -4 kapena -5, ndipo mafakitale ena amayendetsamo ammonia weniweni. Kenako pali chofunda chochindikala cha thovu louma, longa lija la m'khoma la furiji, ndipo pomaliza chitsulo china choteteza ku dzuwa ndi mvula. N'chifukwa chake mathanki otere amatha kuima panja, mowa uli pa ziro kuseri kwa chitsulo chotentha ndi dzuwa. Tinjira toziziritsa tija timagawidwa m'malamba, wam'mwamba, wapakati ndi wa pa nsonga, aliyense ndi valavu yake ndi choyezera chake. Kuti timvetse chifukwa chake, tipite kaye kunyanja.

Mu Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba, madzi a pamwamba pa nyanja amazizira, amalemera, n'kumira, ofundirapo n'kukwera. M'thanki zimayendanso choncho. Mowa wokhudza khoma lozizira umatsika m'mbali, wofunda umakwera pakati, thanki n'kumadzitakasa yokha popanda mthiko. Koma lamuloli lili ndi malire amene nyanja yathu siyafikapo, popeza ngakhale pansi pake penipeni madzi satsika kupitirira madigiri 22. Madzi amalemera koposa pa madigiri 4, mowa cha pa madigiri 3. Akazizira kupitirira apo amayambanso kupepuka. N'chifukwa chake maiwe a ku Bavaria ankaundana pamwamba nsomba zili moyo pansi, ofulula n'kupeza ayisi oti acheke. Ndiye wofulula akamatsitsa mowa kuchoka pa 10 kupita pa -1, pakati pa ulendo kayendedwe kamatembenuka. Wozizira kwambiri umayamba kukwera, wofundirapo n'kukhala pansi. Akapitiriza kuziziritsa ndi lamba wam'mwamba yekha, pamwamba pamaundana pansi pakadali pofunda, choyezera chimodzi n'kumamunamiza kuti zonse zili bwino. Apa mpamene malamba a m'munsi amalandira ntchito.

Mpata wake ndi wochepa. Mowa wa ukali wa 5 peresenti umaundana cha pa madigiri -2, pomwe wofulula akufuna -1. Ayisi akamera pakhoma amakhala ngati bulangete, kuzizira sikudutsanso bwino, ndipo popeza choundanacho ndi madzi, mowa wotsalawo umasintha mphamvu ndi kakomedwe.

Nanga kuzizira kofika pamenepo n'kwa chiyani, poti pa ziro yisiti imakhala ili m'tulo? Kwakukulu n'kuthana ndi nkhungu. M'mowa muli mapuloteni ochokera ku balere, komanso zinthu zina zochokera ku makoko ake ndi ku hops, za mtundu wa zija zimene zimamanga m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena kumwa tiyi wowirira kwambiri. Ziwirizi zikazizidwa zimagwirana n'kupanga timibulu tooneka ngati nkhungu. Zikafundidwa zimalekana, nkhungu n'kutha. Wofulula amachita dala. Amauziziritsa mowa kuposa mmene furiji ya wogula idzauziziritsire, kuti nkhungu yonse itulukire pompo, ina imire, yotsalayo igwidwe ndi sefa mowa ukadali wozizira chomwecho. Akalola kuti ufunde panjira yopita kusefa, nkhungu imasungunuka, imadutsa ngati mbuzi yodziwa pobowoka mpanda, n'kudzaonekera m'tambula ya munthu ku Senga Bay. Sefa yofala kwambiri ndi ufa wa tizigoba takale ta tizomera ta m'madzi totchedwa diatoms, abale ake a timene tadzaza m'matope a pansi pa nyanja yathu.

Kuzizira kumagwiranso mpweya. Madzi a pa madigiri 0 amasunga carbon dioxide wochuluka pafupifupi kawiri kuposa a pa 20. Kuwira kukatsala pang'ono kutha, thanki amaitseka ndi valavu imene imalola mpweya kutuluka pokhapokha ukapanikizana kupitirira muyeso, nthawi zambiri wosafika n'theka lomwe la mpweya wa m'tayala la galimoto. Mpweya wosowa kothawira umalowerera m'mowa, mpaka cha pa magiramu 5 pa lita. Ofulula ena a ku Germany amathiramo mowa wina wongoyamba kuwira, kuti yisiti yanthete ipereke mpweya n'kumalizitsa kutsuka tifungo tija. Ambiri amangotapa mpweya wa nthawi yowira, kuuyeretsa, n'kudzaubwezera. Mukatsegula botolo lofunda n'kuona theka likuthera pansi ngati thovu, ndi lamulo lomweli likuyenda chobwerera.

Chotsala ndi nthawi, ndipo mkangano wonse wa ofulula uli apa. Kayisiti n'kochepa moti mutatindanditsa 100 kapena kuposa mpamene tingakwane milimita imodzi, ndipo kanthu kotero kamamira ngati fumbi m'chipinda chotseka. Mafakitale ena amasamutsira mowa m'mathanki ogona chambali, kuti ulendo wa yisiti wopita pansi ukhale wa mamita awiri kapena atatu m'malo mwa 15. Budweiser Budvar ya ku Czech Republic imanyadira kuti mowa wake umagona masiku 90. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wowerengera ndalama za fakitale mwambi umenewu saukonda. Tiyerekeze kuti mukufulula malita 1,000 sabata iliyonse. Mowa ukamakhala m'thanki masabata awiri, mathanki awiri akukwanirani. Ukamakhala masabata 8, mufunika mathanki 8, onse oziziritsidwa usana ndi usiku, ndalama zanu zikuliza mkonono m'menemo. Mafakitale akuluakulu ambiri padziko afupikitsa ulendo wonse kufika masabata awiri kapena atatu. Amafunditsa kuti diacetyl athe msanga, amachotsa yisiti ndi makina ozungulira mwaliwiro, ena amathira enzyme imene imadula alpha-acetolactate asanasanduke, kenako masiku ochepa pa -1.

Okonda zakale amati umenewu ndi mowa wophulidwa pamoto usanapse. Ine ndimaona kuti pa mowa wopepuka wa tsiku ndi tsiku akukokomeza, chifukwa zolakwa zimene lilime lingatchule maina, batala, dzira, nkhungu, njira zatsopanozi zimazichotsadi. Pa mowa wolemera, waukali wambiri, ndili kumbali yawo. Kumeneko masabata owonjezera amafewetsa kuwawa ndi kubaya kwa ukali, ndipo ndalama zogonazo zimakhala zikugwira ntchito.

Thanki yopanda mowa ndi yoopsa kuposa yodzaza. Carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, saoneka, ndipo amakhalira pansi. Munthu wolowamo osayeza amakomoka asanakuwe, womutsatira kukamupulumutsa n'kugwera pomwepo, monga zimachitikira okumba zitsime zakuya. Choncho amatsuka osalowamo, ndi kampira kamabowo kopachikidwa kudenga, kamene kamawaza soda waukali wotsukira (caustic soda), asidi ndi madzi. Koma soda yemweyo amameza carbon dioxide. Akamuwaza m'thanki yotseka yodzaza mpweyawu, kapena kuthira madzi ozizira pambuyo pa otentha, mkati mumatsala mopanda kanthu, ndipo chitsulo chachitali ngati nyumba yansanjika chimakwinyika ngati chitini chopondedwa ndi ngolo. Pamutu pa thanki iliyonse pamakhala mavalavu awiri, ina yotulutsa mpweya ukachuluka, ina yolowetsa ukachepa.

Zonsezi zimadya magetsi. Nthawi zina ndimamva anyamata a m'maloji a ku Senga Bay akulota zoyambitsa kafakitale ka mowa wawowawo, woti alendo azimwa akuyang'ana chilumba cha Namalenje. Ndi maloto abwino, koma lager ndi wovuta kuyamba naye kuno, kumene kunja kuli 35 inu mukufuna ziro. Dzuwa tili nalo, ndipo malo opangira magetsi a dzuwa a JCM, a mamegawati 60, akhala akugwira ntchito m'boma lino kuyambira 2021, koma thanki imafuna kuzizira usikunso. Chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, tonse tikuchikumbukira. Thanki yaikulu imapirira kuthima kwa magetsi kuposa yaing'ono, monga mtsuko waukulu umasungira madzi ozizira kuposa kapu, chifukwa khoma lake n'lochepa poyerekeza ndi zimene zili mkati. Mowa wogona pa ziro ungapirire maola angapo. Masiku oopsa ndi oyambirira a kuwira, pamene yisiti ikupanga yokha kutentha kuja tinamva pa mbiya ya azakhali. Magetsi akathima apo kutentha kumakwera, yisiti imathamanga, ndipo tifungo totuluka nthawi imeneyo palibe chisanu chimene chidzatichotse. Ku Dwangwa, kumene Ethco yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasisi wa nzimbe kuyambira 1982, nkhawa yotere ndi yochepa, chifukwa yisiti ya ntchito imeneyo imawira pa madigiri a m'ma 30, ndipo zowirazo zimakatchezedwa, palibe amene amazimwa zili choncho. Wofuna kuyamba pang'ono angachite bwino ndi mowa wa mtundu wa ale, umene umawira cha pa 18 mpaka 22 n'kupsa msanga, kapena ndi yisiti ya kumidzi ya ku Norway yotchedwa kveik, imene imagwira bwino ntchito ngakhale pa 35.

Mowa ukachoka m'thanki n'kusefedwa umalowa m'mabotolo, ndipo m'mafakitale ambiri mabotolowo amadutsa m'ngalande yowazidwa madzi otentha, cha pa madigiri 60 kwa mphindi zingapo, kuti tizamoyo totsala tife. Kuyambira pamenepo mowa sungakomenso kuposa mmene ulili, ungangokalamba. Kampweya kochepa ka oxygen kotsalira m'khosi mwa botolo kamayamba ntchito yake, ndipo kutentha kumaifulumizitsa, moti madigiri 10 owonjezera amawirikiza liwiro lake kawiri kapena kuposa. Mowa wokalamba umamveka ngati katoni yonyowa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mlandu wakewake, kumaswa zowawa za hops n'kutulutsa fungo la kanyimbi, ndipo botolo lobiriwira kapena loonekera mkati silitchinga ngati lofiirira. Ambiri amakhulupirira kuti mowa umene unazizira, n'kufunda magetsi atathima, n'kuziziranso, ndiye kuti waonongeka. Kamodzi kapena kawiri sikusintha zambiri, ngakhale zikabwerezedwa kambirimbiri nkhungu ija imatha kubwerera n'kukhazikika. Chimene chimaupha ndi masabata amene kreti yakhala m'sitolo yamalata kapena panja kuseri kwa bala, dzuwa la Okutobala likuiwamba.

Tsiku lina ndinamufunsa mtsikana wa pa bala ija kumene amasunga makreti asanalowe m'furiji. Anandilozera kashedi kamalata kuseri, kopanda zenera, kotseka ndi loko wamkulu. "Mmenemo, achimwene, mbava sizifika." Ndinayesa kugwira chitseko chake, dzanja n'kulibweza msanga.